Phunziro: Kutchinga makoswe kuti asakwere m'nkhokwe

Cholinga

Mukamaliza phunziro lino mudziwa njira zimene makoswe amalowera m'nkhokwe ndi momwe mungazitsekere musanatute chimanga ndi mtedza kumunda.

Mudziweni khoswe

Khoswe amakhala ndi bere kwa masabata atatu okha, ndipo amaswa kangapo pachaka. Kuchepetsa makoswe ndi misampha yokha n'kovuta chifukwa ena amabadwa msanga. Kuwonjezera pa kudya, amaipitsa chimanga ndi mkodzo ndi ndowe, komanso amaboola matumba. Khoswe amakwera mtengo wokhakhala mosavuta, koma pa lata losalala amaterereka. Njira yathu yagona pamenepa.

Zofunika

Zidutswa za lata, misomali, hamala, chodulira lata, chingwe choyezera ndi phulusa.

Kachitidwe kake

1. Nkhokwe ikhale pamwamba, mita imodzi kuchokera pansi. Kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, monga ku Mvera, mabwalo ambiri ndi otsetsereka. Yezani kuchokera mbali yakumtunda, chifukwa ndi kumene nkhokwe imayandikira nthaka ndipo khoswe amalumphira kumeneko.

2. Dulani lata mozungulira, mulipinde ngati kadenga, ndipo mulikhomere pa mzati uliwonse, kukamwa kwake kuyang'ane pansi. Likhale pamwamba, pafupi ndi pansi pa nkhokwe. Pasakhale mpata pakati pa lata ndi mzati. Mzati umodzi ukatsala, ntchito yonse yapita pachabe.

3. Dulani nthambi zolendewera padenga. Nkhokwe italikirane ndi nyumba, khola ndi mpanda mosachepera mita imodzi.

4. Musatsamize makwerero, makasu kapena nkhuni pa nkhokwe, ndipo musaunjike zinthu kunsi kwake. Lambulani udzu mozungulira.

5. Chimanga cha m'matumba, ngakhale a PICS, chisanjeni pa thandala, chisakhudze khoma.

Ngati muli ndi khola la nkhunda, mizati yake muitchinge chimodzimodzi, ndipo madzulo sesani madeya ndi chimanga chotayika.

Chenjezo

Pewani mankhwala a makoswe a m'timapepala topanda dzina. Amapha nkhuku, agalu, amphaka ngakhale ana. Mbewa yopezeka itafa yokha pafupi ndi nyumba isadyedwe, ikwirireni mozama.

Ntchito ya pagulu

Sankhani nkhokwe ziwiri, ina yotchinga ndi malata, ina yosatchinga. Madzulo wazani phulusa kuzungulira mizati ndi pakhomo pa nkhokwe. M'mawa onani mapazi, ndowe ndi zitsononkho zodyedwa, ndipo mlembi alembe tsiku lililonse kwa masiku 7.

Mafunso okambirana

Kodi mapazi achuluka mbali iti? Ngati afika pamwamba pa lata, khoswe wadzera pati? Kodi mtengo wa malata ukufanana ndi ndowa zingati za chimanga? Mubwere ndi mayankho anu pa tsiku lokumana ndi alangizi.