Zala Zikamauma Ngati Chikopa

Pa wailesi timakamba kawirikawiri za chitetezo cha m'thupi chikafooka, monga zimakhalira ndi kachilombo ka HIV. Lero tikambe za chitetezo chomwe chasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi mwiniwake. Matendawa madokotala amawatcha scleroderma, kutanthauza khungu louma.

Mukadzicheka ndi mpeni, thupi limapanga ulusi wolimba wotchedwa kolajeni kuti bala litseke, ndipo pamatsala chipsera. Kwa wodwala scleroderma, asilikali a m'thupi amavulaza timitsempha ta magazi ndipo amalamula kuti ulusiwu uzipangidwabe ngakhale palibe bala. Khungu la zala ndi nkhope limakungika, limanyezimira, silitsinika. Ena pakamwa pamachepa, ena pakhungu pamatuluka timadontho toyera ngati mwawazapo mchere.

Chizindikiro choyamba ife a kuno ku Lulimile tingachinyozere, poti chisanu cha Lichinga mu Juni ndi Julayi tinachizolowera. Mayi akuchapa m'mamawa, zala zimayera, kenaka zimada, zimachita dzanzi, ndipo zikafunda zimapweteka. Ambiri otere alibe matendawa ayi. Koma zikaphatikizana ndi kutupa zala, tizilonda kunsonga kwa zala, chilungulira chosatha, nsima kukakamira pakhosi kapena befu, pitani kuchipatala. Kuuma komweku kumafika ku mapapo ndi impso.

Matendawa ndi osowa, ndipo amagwira amayi kuposa abambo, makamaka a zaka 30 mpaka 50. Abambo okumba golide musadzione otetezeka: mu 1957 dokotala wina, Erasmus, anawapeza mwa anthu ogwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa, omwe ankapuma fumbi la miyala. A ku Lupilichi, mwamva.

Si khate, si ufiti, ndipo sapatsirana. Idyani naye mbale imodzi. Kutema mphini pa zala zomwe magazi akuyenda movutikira kale n'kuitana chilonda chosapola.

Mankhwala ochiziratu sanapezeke, koma ochepetsa mavuto alipo: nifedipine wa zala, captopril impso zikayamba kuvuta. Musagule nokha prednisolone, chifukwa wochuluka angawononge impso za wodwalayu. Kuchipatala chaching'ono pemphani akuyezeni kuthamanga kwa magazi pafupipafupi, ndipo akakutumizani ku Chipatala Chachikulu cha Lichinga musazengereze. Kunyumba fundani bwino, chapirani madzi ofunda, dzolani mafuta, pindani ndi kutambasula zala tsiku lililonse, ndipo fodya musiyiretu.