Phunziro 18: Mfungulo ya nyimbo

Ku Zóbuè kuli mtsikana wa m'kalasi yoyamba. Iye amaimba m'kwaya pamodzi ndi abambo ake. Lamulungu kwaya yawo ikaimba ku Moatize.

Madzulo abambo atulutsa pepala la nyimbo. Ogo! Ciswe cadya mbali ya kumanzere.

— Ababa, mizere ilipo, timadontho tiliponso. Tiyeni tiimbe.

— Iyayi, mwana wanga. Ciswe cadya mfungulo. Popanda mfungulo sitingadziwe dzina la kadontho.

Mmawa mtsikana apita ndi pepala kusukulu. Aphunzitsi akweza dzanja lawo copingasa.

— Ana inu, werengani zala zanga.

— Zala zisanu!

— Mizere ya nyimbo ilinso isanu. Pakati pake pali mipata inayi. Timawerenga kuyambira pansi. Kadontho kakakwera, mawu amakwera. Kakatsika, mawu amatsika.

Aphunzitsi ajambula cizindikiro pa bolodi. Pa Cipwitikizi dzina lake ndi clave de Sol. Cimazungulira mzere waciwiri. Mzere umenewo ndi Sol. Tsono mizere yonse ili ndi maina: Mi, Sol, Si, Ré, Fá. Mfungulo iyi ndi ya mawu okwera, a ana ndi amayi.

Ajambulanso cina, clave de Fá. Cili ndi timadontho tiwiri, ndipo mzere wacinayi umadutsa pakati pake. Mzere umenewo ndi Fá. Tsopano maina asintha: Sol, Si, Ré, Fá, Lá. Mfungulo iyi ndi ya mawu otsika, a abambo oimba besi.

Mtsikana wamvetsa. Mzere waciwiri kwa iye ndi Sol, koma kwa abambo ake ndi Si. Aphunzitsi alemba mfungulo zonse ziwiri pa pepala lija: ya Sol pa mizere ya pamwamba, ya Fá pa mizere ya pansi. Madzulo mwana ndi bambo aimba pamodzi.

Mafunso

1. Kodi ciswe cinadya ciyani?
2. Mizere ya nyimbo ilipo ingati?
3. Clave de Sol imazungulira mzere uti?

Nchito

Jambulani mizere isanu pa mcenga. Ikani kamwala pa mzere wa Sol.

Kwa makolo

Tambasulani dzanja lanu copingasa. Mwana akhudze cala cimodzi cimodzi kuyambira pansi, akuchula maina a mizere. Kenaka imbani naye nyimbo ya kwanu, iye mokwera, inu motsika.