Phunziro la za Umoyo: Maso a Ana ndi Mandala

M'sukulu zambiri ndi m'makalasi a katekisimu mupezeka mwana amene alemba zolakwa pokopera za pa bolodi, asuzumira m'kope la mnzake, ndipo atopa msanga akayamba kuwerenga. Kawirikawiri mwana wotere atchedwa waulesi kapena wopanda nzeru, mwinanso alangidwa, chonsecho mlandu uli wa maso ake. Iye sadandaula konse, pakuti ayesa kuti anthu onse aona zinthu monga momwe azionera iye. Nchifukwa chake ntchito yozindikira vutoli igwera makolo, aphunzitsi ndi akatekisti.

Kupenya kuchita kuphunziridwa

Mwana sabadwa wodziwa kupenya bwino. Diso lilandira kuwala ndi kutumiza chithunzi ku ubongo, ndipo ubongowo uphunzira pang'onopang'ono kuzindikira zithunzizo kufikira mwana atakwanitsa zaka 7 kapena 8. Diso limodzi likamatumiza chithunzi chosaoneka bwino, ubongo uleka kulisamala nudalira linzake. Diso lonyalanyazidwalo lifooka, ngakhale kunja lioneka lamoyo. Madokotala alitcha diso laulesi. Likapezeka mwana akali wamng'ono lichira ndithu, koma zaka zimenezi zikapita kuchira kwake kuvuta kwambiri. Akale ananena zoona kuti kuwongola mtengo mpoyamba.

Mavuto atatu amene mandala akonza

Loyamba ndi la mwana amene aona bwino zapafupi koma zakutali zimuonekera ngati zili m'nkhungu. Diso lake ndi lalitali pang'ono kupyola muyeso, kotero kuti kuwala kusonkhana kusanafike pa kansalu kolandira chithunzi kamene kali kumbuyo kwa diso. Ameneyu afuna mandala opyapyala pakati. Lachiwiri ndi la mwana wa diso lalifupi, amene avutika ndi zapafupi. Mutu umuwawa powerenga, ndipo nthawi zina diso limodzi lipotokera kumphuno. Ameneyu afuna mandala ochindikala pakati. Lachitatu ndi la diso limene khungu lake loonekera lakutsogolo silinapindike mofanana mbali zonse, ndipo zilembo zioneka zopotoka, kaya zili pafupi kaya patali.

Zizindikiro zoyenera kuziyang'anira

Makolo achenjere akaona mwana ali kutsinzina pang'ono poyang'ana kutali, kuyandikiza buku kumaso, kupendeketsa mutu, kutseka diso limodzi padzuwa, kapena kupunthwa kawirikawiri kukamada. Diso loyang'ana kumbali mwa khanda limene lapitirira miyezi 6 lisasiyidwe poganiza kuti lidzawongoka lokha. Koma chizindikiro choopsa koposa ndi ichi: kamwana ka m'diso, kamene kayenera kukhala kakuda, kakaoneka koyera, mwanayo apite naye ku chipatala msangamsanga, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo kapena khansa ya m'diso. Ana achialubino nawonso abadwa ndi maso ofooka, ndipo ayenera kupimidwa akali aang'ono ndi kukhazikidwa kutsogolo m'kalasi.

Kapimidwe kake

Kupima maso sikupweteka. Chikwangwani cha zilembo zonka zichepa chimene chipachikidwa m'zipatala chinakonzedwa mu 1862 ndi dokotala Herman Snellen wa ku Utrecht, m'dziko la Netherlands. Mwana aima pa mtunda wa mamita 6, atseka diso limodzi ndi chikhatho popanda kulikanikiza, nawerenga ndi linalo. Pambuyo pake asintha. Amene sanadziwe kuwerenga amuonetsa chilembo E chotembenuzidwa uku ndi uku, iye naloza ndi zala kumene miyendo yake yaloza. Akalemba 6/6 ndiye kuti diso lili bwino. Akalemba 6/12 ndiye kuti mwanayo aona pa mamita 6 chimene diso lamoyo liona pa mamita 12, ndipo ayenera kupimidwanso mosamala. Pamenepo amuthira mankhwala a madontho amene akuza kamwana ka m'diso ndi kupumitsa minofu yake, kuti muyeso wa mandala upezeke woona. Mwana aona mwachimbuuzi kwa maola angapo, koma izi zitha zokha.

Ntchitoyi ichitika m'zipatala za maboma ndi m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndiponso ku Nkhoma. Mwana aliyense ayenera kupimidwa asanayambe sukulu, ngakhale aoneke ngati alibe vuto.

Mandala si chinthu chochititsa manyazi

Mandala anayamba kupangidwa ku Italy cha m'ma 1286, ndipo mu 1306 wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, Giordano da Pisa, anatamanda luso limeneli mu ulaliki wake ku Florence. Kuno kwathu dzina la malo a Mandala ku Blantyre likumbutsa John Moir wa kampani ya African Lakes, amene anthu anamutcha dzinali chifukwa cha magalasi ake onyezimira.

Alipo ena onena kuti mandala aononga maso a mwana, kapena kuti ngoyenera okalamba ndi ophunzira okha. Uku nkulakwa. Mandala oyenera safooketsa diso. Chimene chifooketsa ndicho kulimana chithunzi chooneka bwino pa zaka zimene liphunzira kupenya. Tsono mwana avale mandala ake monga momwe dokotala walamulira, ndipo apimidwenso chaka ndi chaka popeza maso asintha pamene iye akula. Mandala a munthu wina kapena ogula pa msika sayenera mwana konse. Ngati dokotala alamula kuti diso lamphamvu liziphimbidwa maola ena pa tsiku, makolo apirire ngakhale mwana alire, pakuti umo ndimo diso lofookalo likakamizidwa kugwira ntchito.

Ntchito ya makolo ndi akatekisti

Makolo asathire m'maso mwa mwana madzi a zitsamba kapena mankhwala osachokera kwa dokotala. Ana ambiri achita khungu mwa njira imeneyi. Ambayitse katemera wa chikuku, alandire vitamini A ku sikelo, adye masamba obiriwira, mapapaya, mango ndi mazira, asambe kumaso tsiku lililonse, ndipo asewere panja nthawi yokwanira mmalo mokhalira kuyang'ana foni. Katekisti akaona mwana wa zizindikiro zija, amukhazike kutsogolo, alankhule ndi makolo ake paseri ndi mwaulemu, ndipo aletse anzake kumuseka tsiku limene abwera atavala mandala, chifukwa mwana wosekedwa awabisa m'thumba.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa ninji mwana wosaona bwino sadandaula?
2. Kodi diso laulesi liyamba bwanji, ndipo lichira pa msinkhu wanji?
3. Ndi chizindikiro chiti chimene chifuna chipatala msangamsanga?
4. Nanga mphakati ungathandize bwanji banja losowa ndalama ya ulendo kapena ya mandala?