Pangani Nokha Zida Zolimbitsira Manja ndi Zala

Aliyense amene ananyamulako zitsulo amadziwa zimene zimachitika katundu akayamba kulemera. Msana udakali ndi mphamvu, miyendo ikufunabe ntchito, koma zala zikufumbatuka zokha ndipo chitsulo chikupulumuka. Achinyamata ambiri a m'majimu a kuseri kwa nyumba amalimbikira chifuwa ndi mapewa, manja n'kuwasiya kuti adzalimba okha. Salimba okha kufika pamene mukufuna. Amafuna ntchito yawoyawo, ndipo zida za ntchitoyo mukhoza kuzipanga masana amodzi ndi zinthu zimene zili kale pakhomo.

Musanadule ndodo iliyonse, dziwani chimene mukulimbitsa. Minofu ikuluikulu imene imapinda zala siili m'zalamo. Ili pamkono, kuyambira pachigongono kutsika, ndipo imakoka zala kudzera m'mitsempha yaitali yodutsa pamfundo ya dzanja. Fumbatani dzanja lamanja mwamphamvu, kenako gwirani mkonowo ndi dzanja lamanzere chakumunsi kwa chigongono, mumva pauma gwa. Minofuyi imagwira ntchito zosiyanasiyana: kufinya chinthu m'chikhatho, kutsina chinthu pakati pa chala chachikulu ndi zinzake, kugwiritsa katundu nthawi yaitali osamutaya, ndi kupinda dzanja lenilenilo. Munthu akhoza kukhala katswiri pa kufinya koma wofooka pa kutsina. N'chifukwa chake chida chimodzi sichikwanira.

Nkhaniyi si ya anyamata okonda thupi lokha. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa PURE, amene anayeza mphamvu ya manja ya anthu pafupifupi 140,000 m'mayiko 17, kuphatikizapo Zimbabwe ndi South Africa. Anapeza kuti mphamvu ya kufinya ikatsika ndi makilogalamu 5, chiopsezo cha imfa pa zaka zimene ankawatsatira anthuwo chinkakwera ndi 16 peresenti. Izi sizikutanthauza kuti kufinya mphira kumatalikitsa moyo. Dzanja limangoulula mmene thupi lonse lilili. Komabe mayi wachikulire amene akutha kutsegula yekha botolo ndi kunyamula ndowa yake ali ndi ufulu umene ambiri timauzindikira ukatichoka.

Yambani ndi kulemera

Zida zambiri zimene tipange zimafuna chinthu cholemera chokolekapo, ndipo chabwino koposa ndi chigubu cha madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 5 chimene munali mafuta ophikira chikadzaza ndi makilogalamu 5, cha malita 20 ndi makilogalamu 20, kuwonjezerapo pang'ono kulemera kwa chigubucho. Tengani botolo la lita imodzi, muzithira m'chigubumo botolo limodzilimodzi n'kumalemba mzere kunja kwake pamene madzi alekezera. Mukatero muli ndi katundu amene mungamuwonjezere ndi theka la kilogalamu lokha, chinthu chimene zitsulo zambiri zogula sizilola. Madzi akachepa mphamvu, thiranimo mchenga wouma, umene umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka pa lita.

Ofuna katundu wokhalitsa aumbe wa konkire. Sakanizani muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi itatu ya miyala ing'onoing'ono, muthire m'chitini chakale cha penti cha malita 5. Pindani kachitsulo komangira nyumba kakhale ngati ngowe, nsonga zake muzipindenso kuti zisadzasololoke, n'kuzimiza pakati pa konkireyo, khutu la ngoweyo litsale pamwamba. Chitini chotere chimalemera pafupifupi makilogalamu 12. Muzichithira madzi kwa sabata yathunthu musanachinyamule, chifukwa konkire youma mothamanga imanyenyeka. Kenako kachiyezeni pa sikelo ya ogula mbewu mulembepo kulemera kwake.

Ndodo yokulunga chingwe

Ngati mungapange chida chimodzi chokha, pangani ichi. Pezani ndodo yowongoka ya mtengo wouma, yotalika masentimita 40, yonenepa masentimita 4 kapena 5. Chidutswa cha mtengo wa bulugamu kapena mpini wa fosholo wothyoka zimachita bwino. Mpini wa tsache ndi wowonda kwambiri, umathyoka pabowo ndipo supatsa zala ntchito yokwanira. Palani ndodoyo ndi sandipepa kuchotsa tizitsotso tonse tobaya, koma musaipake vanishi kapena penti chifukwa idzaterera thukuta likayamba.

Yezani pakati penipeni ndipo mubowolepo bowo lodutsa mbali zonse, lokwana chingwe chanu. Ngati mulibe chobowolera, kalipentala aliyense angakuchitireni m'kanthawi kochepa, apo ayi otchani msomali waukulu pamoto mubowole pang'onopang'ono. Bowoli lisakhote ndipo lisapendekere mbali imodzi, chifukwa likapendekera dzanja limodzi lizisenza ntchito ya linzake. Lowetsani chingwe cha nayiloni chonenepa ngati pensulo, mumange mfundo yaikulu kuseri kwake kuti isabwerere m'bowo. Nsonga za chingwecho muziwauleko ndi machesi kuti zisamasuke. Kutalika kwa chingwe kuyambire pachifuwa panu kufika pansi. Kumapeto kwake mangani khutu lalikulu loti muzikolowekapo chigubu n'kuchichotsa mosavuta.

Pali chifukwa chobowolera m'malo mongomangirira chingwe pandodo. Chingwe chongomangirira chimaterera, ndodo n'kumazungulira yokha popanda kukweza kanthu, ndipo mudzangotopa ndi kukwiya.

Pogwiritsa ntchito, imirirani mowongoka, gwirani ndodo ndi manja onse zikhatho zitayang'ana pansi, n'kuyamba kupotoza dzanja limodzi kenako linalo, chingwe chizikulungika mpaka chigubu chifike pandodo. Ndiyeno chitsitseni mwa njira yomweyo, mukupotoza pang'onopang'ono, osangochilekerera kuti chigwe. Ntchito yotsitsayi ndi theka la phindu lonse, ndipo ndi imene ambiri amaiba. Ulendo wina kulungani chobwerera kumbuyo kuti minofu ya pamwamba pa mkono igwirenso ntchito. Yambani ndi malita 2 okha. Akuoneka ochepa, koma pofika ulendo wachitatu mikono ikhala ikuyaka.

Mudzaona ena atatambasula mikono patsogolo molingana ndi mapewa. Ine sindikonda kaimidwe kameneko, chifukwa mapewa ndiwo amatopa msanga mikono isanakhute ntchito. Pindani zigongono zikhale pafupi ndi nthiti. Ngati chigubu chikugunda pansi msanga, imani pakhonde lokwera kapena pabenchi lolimba.

Chogwirira chonenepa

Chitsulo cha kujimu chimene amuna amanyamula pa mipikisano ya Olympics n'chonenepa mamilimita 28, ndipo zala zimachizungulira bwinobwino n'kutsekana. Chogwirira chikanenepa, zala sizikumananso ndi chala chachikulu, ndiye katundu yemweyo amasanduka wina. Ku Britain kunali munthu wamphamvu dzina lake Thomas Inch, amene kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 ankayenda ndi chitsulo cha dzanja limodzi cholemera pafupifupi makilogalamu 78. Amuna ambiri amphamvu ankalephera ngakhale kuchidzutsa pansi, ndipo chinsinsi chake chinali chogwirira chonenepa pafupifupi masentimita 6.

Inu dulani paipi ya pulasitiki ya madzi, yonenepa mamilimita 50, kutalika masentimita 15. Sankhani yachikopa chochindikala, osati yopyapyala ya madzi otayika m'bafa, chifukwa imaphwanyika ikafinyidwa. Palani milomo yonse iwiri, kunja ndi m'kati, mpaka isalale. Mukapanda kutero mlomo wakuthwawo udzacheka chingwe pang'onopang'ono ndipo tsiku lina chigubu chidzagwera pa zala za kuphazi. Pisani chingwe m'paipimo, mumange nsonga zake pamodzi, n'kukolekapo katundu. Chingwecho chikhale chachifupi moti mukawerama pang'ono mutapinda mawondo muzigwira paipi chigubu chili pansi pakati pa mapazi.

Nyamulani ndi dzanja limodzi, msana uli wowongoka, imirirani, gwirani masekondi 15 mpaka 30, tsitsani. Paipiyo idzafuna kugubuduzika kuti ituluke m'dzanja mwanu, ndipo kulimbana nayoko ndiye ntchito imene mukuifuna. Mukapanga ziwiri mukhoza kunyamula zigubu ziwiri n'kuyenda nazo kuzungulira bwalo, mapewa ali m'mbuyo, mpaka zala zitatsala pang'ono kugonja.

Thabwa lotsina

Chala chachikulu ndicho chimatsalira kwa anthu ambiri, ndipo thabwa ili ndi lake. Pemphani kwa kalipentala chidutswa chotsala cha thabwa lolimba, monga la mlombwa, lochindikala masentimita 5, lotalika masentimita 15, m'lifupi masentimita 12. Bowolani bowo pakati chakumunsi, kusiya masentimita 4 kuchokera m'mphepete kuti thabwalo lisang'ambike katundu akalemera. Pisanimo chingwe ndi kukoleka chigubu. Musagwiritse ntchito msomali kapena ngowe yongopotokolera m'thabwa, chifukwa zimazuka mwadzidzidzi. Ngati mukufuna chitsulo, ikani boluti yodutsa mbali zonse yomangidwa ndi nati. Konzani ngodya za pamwamba ndi sandipepa pang'ono chabe kuti zisang'ambe khungu la pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, chifukwa bala la pamenepo limachedwa kupola.

Gwirani thabwalo kuchokera pamwamba, zala zinayi mbali imodzi zili zowongoka, chala chachikulu mbali inayo, n'kunyamula. Musalowetse chala m'bowo kapena kutsamiritsa thabwa pantchafu. Makilogalamu 5 ndi poyambira pabwino. Mukatha kugwira masekondi 20 dzanja lililonse, wonjezerani theka la lita.

Zina ziwiri sizifuna kupanga kwenikweni. Ponyani thaulo lakale panthambi yolimba kapena pachitsulo chokokerapo thupi, gwirani nsonga zake ndi kulendewera, mapazi ali pafupi ndi pansi. Yambani mwaliyesa thaulolo mapazi akadali pansi. China ndi ndowa yodzaza mchenga wa kumtsinje wouma, wosefa bwino kuchotsa magalasi ndi minga. Pisanimo dzanja mpaka pamfundo, fumbatani, tambasulani zala, potozani uku ndi uku kwa mphindi imodzi. Osewera baseball ku America amachita zimenezi mu ndowa ya mpunga, koma mpunga ndi chakudya ndipo mchenga umagwira ntchito yomweyo.

Musaiwale minofu yotambasula zala. Zambiri mwa zida zapamwambazi zimaphunzitsa dzanja kutseka, ndipo mbali imodzi ikamalimba inzake ili m'mbuyo, chigongono chimayamba kudandaula. Dulani chubu chakale cha njinga modutsa kuti mupeze timphete ta mphira, m'lifupi mwake sentimita imodzi. Sonkhanitsani nsonga za zala zonse zisanu, valikani kamphete, tambasulani zala ndi kuzibweza pang'onopang'ono maulendo 20. Kakapepuka, dulani kena kokulirapo kapena valani tiwiri.

Kachitidwe kake

Apa ndi pamene anthu amadzipweteka, ndipo ndikupemphani mumvetsere. Minofu imalimba msanga kuposa mitsempha imene imailumikiza ku mafupa, chifukwa m'mitsemphamo mumayenda magazi ochepa. Pakatha milungu ingapo mudzamva kuti mungathe kuwirikiza katundu, koma mitsempha ya m'zala ndi pachigongono idzakhala isanafike pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wonjezerani theka la lita kapena lita imodzi pa sabata, osapitirira.

Kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, kusiya tsiku lopuma pakati. Pa tsiku lililonse la masiku amenewa sankhani zida ziwiri, chilichonse maulendo atatu, kupuma mphindi imodzi kapena ziwiri pakati, ndipo mumalize ndi mphira. Musanayambe, tenthetsani manja pofumbata ndi kutambasula zala komanso kuzunguza manja kwa mphindi ziwiri, makamaka m'mawa wa June ndi July pamene zala zimakhala zitauma ndi chisanu. Ngati mumanyamula zitsulo, manja muziwachita pomaliza, chifukwa dzanja lotopa kale likhoza kutaya chitsulo cholemera. Yambani ndi dzanja lofooka, ndipo lamphamvulo lichite zofanana nalo basi. Sungani kope lolembamo malita ndi masekondi, chifukwa mutu umanamiza.

Amene mumagwira khasu tsiku lonse, oumba njerwa, omanga, ndi amayi ochapa ndi kutunga madzi, manja anu ali kale ndi mphamvu yogwiritsa katundu. Nthawi yolima musadziwonjezere ntchito yomweyo. Chimene chingakuthandizeni ndi mphira wotambasula zala ndi thabwa lotsina, kamodzi kapena kawiri pa sabata.

Muzipuma mpweya nthawi yonse imene mwagwira katundu. Kufinya mwamphamvu mutabanika kumakweza kuthamanga kwa magazi kwa kanthawi, choncho amene muli ndi BP kapena matenda a mtima yambani mwafunsa kuchipatala. Valani nsapato zotseka, ana akhale patali, ndipo muziyang'ana chingwe ndi mfundo zake tsiku lililonse musananyamule. Chingwe cha nayiloni chimafumbwa ndi dzuwa, ndiye muzisunga zidazi m'nyumba.

Kuwawa kwa minofu ya pamkono tsiku lotsatira n'kwachibadwa ndipo kumatha pakapita masiku awiri kapena atatu. Koma ululu wobaya pafupa la chigongono, kutupa kwa mfundo ya chala, kapena dzanzi m'zala lokudzutsani usiku, si zolimba nazo mtima. Siyani kaye zidazo, ndipo zikapitirira sabata ziwiri pitani mukaonane ndi achipatala.