Phunziro 18: Timano ta kakompyuta

Amalume abwera ndi kakompyuta. Ndi kakang'ono, kokwana m'dzanja. Dzina lake ndi Raspberry Pi. Anakapanga anthu a ku Britain kuti ana aphunzire kompyuta. Koyamba kanagulitsidwa mu 2012.

M'mbali mwake muli timano 40, m'mizere iwiri, ngati mano a cipeso.

Mtsikana afunsa:

— Malume, timano iti ndi ta nchito yanji?

— Kadzino kena katulutsa magetsi, ngati pakamwa potulutsa mau. Kena kamva magetsi akalowa, ngati khutu. Koma tiyamba tauza kompyuta: aka katulutse, aka kamve.

Amalume atenga kanyali kofiira, mawaya awiri ndi resistor. Resistor icepetsa magetsi kuti kanyali kasapse. Alumikiza zonse. Alemba lamulo pa kompyuta kuti kanyali kayake.

Kanyali sikayaka.

Alembanso. Sikayakabe. Amalume akanda mutu.

— Kodi kafa, malume?

Mtsikana ayang'anitsitsa kanyali.

— Onani, malume! Mwendo wina ndi wautali, wina ndi waufupi.

— Waona bwino, mphwanga. Ndatembenuza miyendo.

Amalume azimitsa kakompyuta. Mwendo wautali auloza ku kadzino kotulutsa magetsi. Mwendo waufupi auloza ku kadzino kolembedwa GND pa cithunzi, kumene magetsi abwerera. Ayatsanso.

Ngwee! Kanyali kayaka.

Tsopano alumikiza batani ku kadzino kakumva. Alemba lamulo lina. Mtsikana adina batani, kanyali kayaka. Acotsa cala, kanyali kazima. Kompyuta yamva cala cake!

Mau atsopano

kadzino, timano, kanyali, waya, batani

Yankhani mafunso

1. Kakompyuta kali ndi timano tingati?
2. Cifukwa ciani kanyali sikanayake poyamba?
3. Ndani anaona colakwa?
4. Jambulani kanyali ka miyendo iwiri. Lozani mwendo wautali.

Kwa makolo

Timano totulutsa ndi takumva tigwira nchito ndi magetsi ocepa, mavoti 3,3. Mavoti 5 akalowa pa kadzino kotere, kakompyuta kangathe kuonongeka. Mawaya alumikizidwe kakompyuta kali kozima, manja ali ouma. Mwana asakhudze magetsi a pakhoma, cifukwa apha. Nchito iyi aicite pamodzi ndi munthu wamkulu.