Mutu 18: Injini Ikalira Modabwitsa

Mwana akadwala, mayi wake amazindikira msanga pomva kaliridwe kake. Galimoto nayonso ili ndi liwu lake. Injini yabwino imalira mofanana, mosadukizadukiza; koma ikayamba kulira modabwitsa ndiye kuti m'kati mwake muli chovuta. Dalaivala wanzeru sanyozera phokoso lachilendo, pakuti kachilema kakang'ono kakalekereredwa kamapha injini yonse.

Poyamba tiyeni tione m'mene injini ya petulo imagwirira ntchito. M'kati mwake muli mabowo onga mitondo otchedwa masilinda, ndipo galimoto zing'onozing'ono zambiri zili ndi masilinda anayi. M'silinda iliyonse muli chitsulo chotchedwa pisitoni, chimene chimakwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya ndi petulo, ikakwera imazipanikiza. Kenaka pulagi imathetheka moto, ndipo mphamvu ya motowo imakankhira pisitoni pansi. Potsiriza pisitoni imakweranso nitulutsa utsi. Injini yogwira ntchito motere anaikonza Nikolaus Otto wa ku Germany m'chaka cha 1876.

Mapisitoni amazunguza chitsulo chachikulu cha kunsi kwa injini, ndipo mphamvu ya chitsulocho ndiyo imakayendetsa mawilo. Ngakhale galimoto itaima, injini ikamalira chitsulochi chimazungulira maulendo oposa 600 pa mphindi imodzi. Zitsulo zothamanga chotere zikamakhulana popanda oyilo zimatentha ndi kudyana.

Makaniko wodziŵa ntchito sathamangira sipanala. Poyamba amafunsa dalaivala kuti, “Kodi bambo, phokosoli lidayamba liti? Limamveka m'maŵa injini ili yozizira, kapena ikatentha? Nanga mukaponda moto, limakula?” Atamva mayankho, amatsegula boneti nasolola kachitsulo koyezera oyilo. Kachitsuloka kali ndi zizindikiro ziŵiri, ndipo oyilo ayenera kulekeza pakati pa zizindikirozo. Pambuyo pake amaliza injini natchera khutu. Nthaŵi zina amatenga sikuludiraiva yaitali, nagunditsa nsonga yake pa injini, chigwiriro chake nachiika pakhutu. Amasuntha nsongayo apa ndi apo kufikira atapeza pamene phokoso likumveka kwambiri, monga momwe dokotala amamvetsera pachifuwa cha wodwala. Akuluakulu adati, “Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Phokoso lililonse lili ndi tanthauzo lake. Injini ikalira kuti “kwii!” makamaka poiliza m'maŵa, kaŵirikaŵiri ndiye kuti lamba wa kutsogolo kwa injini wakhwepa kapena watha. Lambayu amazunguza makina odzaza batire, ndipo m'galimoto zambiri amazunguzanso pampu ya madzi oziziritsa injini. Makaniko amamukunga, koma akaona kuti wang'ambika amaikapo watsopano.

Kulira kwakuti “te te te” kochokera pamwamba pa injini kumasonyeza kuti oyilo wachepa, kapena kuti mavavu, tizitseko toloŵetsa mpweya ndi kutulutsa utsi, tatayana ndi zitsulo zotikankha. Makaniko amathira oyilo kufikira pa chizindikiro; phokoso likapitirira, amatsegula chivundikiro nakonza mavavuwo.

Galimoto ikamabangula ngati thirakitala ndiye kuti paipi yotulutsa utsi, imene amati ekizozi, yabooka. Chilema chimenechi n'choopsa kwa anthu okwera, chifukwa mu utsiwo muli mpweya wakupha wopanda fungo umene ungathe kuloŵa m'galimoto. Paipiyo amaiwotcherera kapena kuisintha.

Koma phokoso loopsa koposa ndi kugogoda kwakuti “gu gu gu” kochokera kunsi kwa injini, kumene kumakula dalaivala akaponda moto. Apa ndiye kuti tizitsulo tosalala timene chitsulo chachikulu chija chimazungulirapo tadyeka, kaŵirikaŵiri chifukwa chosoŵa oyilo. Dalaivala akamva zimenezi, kapena akaona nyali yofiira ya oyilo itayaka, ayenera kupatukira pambali pa msewu ndi kuzimitsa injini nthaŵi yomweyo. Akaumirira kuyenda, zitsulo zimagwirana kapena kuthyoka, ndipo anthu amati injini yanoka. Pamenepo ndalama zokonzetsera zimaposa kutalitali mtengo wa chigubu cha oyilo chimene akadagula.

Galimoto za makono zili ndi kompyuta imene imathandiza makaniko kupeza zovuta zina. Komabe kompyutayo siingaloŵe m'malo mwa khutu la munthu wozoloŵera ntchito.

Ana inu, kumbukirani kuti injini si choseŵeretsa. Musayandikize dzanja kapena malaya pa lamba injini ikamalira. Musatsegule chitsekero cha rediyeta injini ili yotentha, pakuti madzi ake oŵira angakuthovukireni kumaso. Koma mukamva phokoso lachilendo m'galimoto imene mwakwera, uzani akuluakulu mwaulemu. Mwina inu ndinu mungapulumutse injiniyo pamodzi ndi ulendo wonse.

Mawu atsopano

kukhwepa: kusamangika zolimba
kukunga: kukoka chinthu kuti chilimbe
kukhulana: kupekesana kwa zinthu ziŵiri
kunoka: kuonongeka kwa injini kotero kuti siingalirenso

Mafunso

1. Kodi ndani anakonza injini imene yafotokozedwa m'nkhaniyi, ndipo chinali chaka chanji?
2. Kodi oyilo amagwira ntchito yanji mu injini?
3. Tchulani mafunso aŵiri amene makaniko amafunsa asanagwire sipanala.
4. Chifukwa chiyani ekizozi yobooka ili yoopsa kwa anthu okwera?
5. Kodi dalaivala achite chiyani akamva kugogoda kunsi kwa injini?

Ntchito

(a) Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti “Kuona maso a nkhono n'kudekha.”
(b) Mawu akuti “kwii” ndi “gu gu gu” amatsanzira kamvekedwe ka zinthu. Lembani mawu ena atatu otere, ndipo mupange chiganizo ndi liwu lililonse.