Phunziro 17: Nsomba za pa Mbaula

Mzinda wa Lusaka ulibe nyanja, ndipo dziko la Zambia silifika ku nyanja yamcere. Koma munthu akayenda madzulo m'njira za ku Matero, Kanyama kapena Mtendere, amamva fungo la nsomba pakhomo ndi pakhomo. Nsomba zonsezi ndi zaulendo.

Kapenta wamkulu ndi buka-buka zicokera ku Mpulungu, pa Nyanja ya Tanganyika, mtunda woposa makilomita 1,000. Kapenta wamng'ono ndi wa ku Siavonga, pa Nyanja ya Kariba. Nyanja imeneyi inayamba kudzala m'caka ca 1958, pamene anthu anatseka mtsinje wa Zambezi, ndipo poyamba inalibe kapenta ai. Mu 1967 ndi 1968 anatenga tiana ta kapenta ku Tanganyika nakatithira mu Kariba, ndipo tinaswana kwambiri. Asodzi amgwira usiku pomkopa ndi nyali, namuyanika padzuwa.

Iripo nsomba ina yocokera kutali koposa, dzina lake tuna. Iyo ikhala m'nyanja zamcere, monga Indian Ocean, ndipo mitundu yake ina ikula kuposa munthu. Ku makomboni ifika m'zitini, yophikaphika. Mai wanzeru akazinga anyezi ndi tomato coyamba, ndi kuthiramo nsombayo potsiriza, cifukwa ikakhalitsa pamoto inyenyeka. Citini cotupa kapena cadzimbiri ncoyenera kutaya, ngakhale cinagulidwa ndi ndalama zambiri, pakuti za m'kati mwake zingathe kupha munthu.

Koma nchito yofuna luso ndiyo kuocha nsomba yaiwisi, monga ija ya mu Kafue. Pogula pamsika, munthu ayang'ane maso ake ngati ali oyera. Atukule pambali pa mutu, pamene nsomba ipumira, aone ngati m'kati muli mofiira. Ndipo akaidinikiza ndi cala, mnofu ubwerere m'malo. Kunyumba apale mamba, aitumbule mosamala kuti ndulu ingaphulike, cifukwa ikaphulika ndiwo yonse iwawa. Tsono aiceke mizere itatu mbali iri yonse, nathiremo mcere ndi madzi a ndimu.

Mtsikana wina wa ku Chawama anacita zonsezi bwino lomwe. Atate ake anali atagula nsomba imodzi yokha mwezi utatha, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anali kuiyembekeza. Koma iye anafulumira. Makala asanagwire moto bwino anaika nsomba pa waya, malawi ali lawilawi. Posacedwa khungu linada bii, ndipo poitembenuza linakanirira pa waya. Amake anabwera mothamanga naiphula.

"Mwanawe, taona m'katimu. Magazi akali momwemo."

"Pepani, amai. Ndinaona kuti atate ali ndi njala."

"Njala siipsetsa nsomba. Dikira makala ayere phulusa pamwamba, upake mafuta pa waya, ndipo uitembenuze kamodzi kokha."

Anadikira, naibwezera pamoto wofatsa kufikira mnofu unayera ndi kulekana ndi minga. Mbali imodzi inali yopserera ndithu, koma onse anadya.

Usiku umenewo kunazizira, pakuti unali mwezi wa June, ndipo mtsikanayo anafuna kulowetsa mbaula m'nyumba kuti aothe pogona. Amake anamletsa kolimba. Makala oyaka aturutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene upha anthu ali m'tulo ngati zitseko ndi mazenera zatsekedwa. Mbaula inazimira panja.

Nsomba yaiwisi ya mumtsinje sipezeka nthawi zonse. Caka ciri conse, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto a February, boma liletsa usodzi mu Kafue ndi m'madzi ena ambiri, kuti nsomba ziikire mazira. Miyezi imeneyo anthu adya kapenta, nsomba zoweta ndi za m'zitini.

Mafunso

1. Kodi kapenta anafika bwanji mu Kariba?
2. Kodi mtsikana wa ku Chawama analakwa pati?
3. Funsani wogulitsa nsomba pamsika wa kwanu kumene nsomba zake zicokera, ndipo mupeze malowo pa mapu.